Nthambi Youma ya a Malizani

Kompyuta yathunthu, sikirini yake, pulinta yake ndi zingwe zonse, pamtengo wa nkhuku ziwiri. Umu ndi m'mene mayi uja ananenera ataima patsogolo pa benchi yanga mumsika wa Mponela, katunduyo ali m'katoni pakaliyala wa njinga ya kabaza. Ine ndakalambira pa malonda a zinthu zotopa: mafoni, mawailesi, makompyuta amene maofesi a ku Lilongwe anawataya. Kusukulu ya zimenezi sindinapondeko, ndinaphunzira pophwasula ndi kupsa zala. Koma phunziro limodzi ndinakhoza bwino: wogulitsa akamatsitsa yekha mtengo iwe usanatsegule pakamwa, bweza dzanja m'thumba.

"Mayi, si yakuba imeneyi?"

"Ayi, bambo. Ndi ya malemu amuna anga, a Malizani. Ankalembera anthu makalata ndi mapulogalamu a maliro ku Madisi."

"Pepani. Anatisiya liti?"

"Sabata yathayi."

Ndinamuyang'ana kumutu. Duku linali litasendera kumbuyo, tsitsi lonse lilipo. Ndiye kuti kumeta kunali kusanachitike. Inu mukudziwa, katundu wa womwalira sasunthidwa abale asanamete ndi kumutsanzika mwini wake. Mpaka tsiku limenelo, ngakhale supuni ndi yakebe.

"Mukadadikira kaye achibale," ndinatero.

"Ngakhale nkhuku imodzi, bambo. Ine ndikungofuna kugona."

Ndinakana mwaulemu. Tsoka lake, pabenchi pomwepo panali mlamu wanga Layitoni akukukuta chimanga chootcha. Layitoni anakwatira mlongo wanga wamng'ono, Enelesi. Kwawo ndi ku Phalombe, anabwera kuno kudzagula fodya n'kukodwa ndi ukwati. Anali ndi kashopu kutsidya kwa msewu waukulu, kokhala ndi makina amodzi ofotokopera, ndipo maloto ake onse anali a kompyuta. Munthu wabwino mtima, woseka ndi mano onse, koma wa nthenda imodzi: sataya kanthu. Mabatire akufa, zivindikiro za mabotolo, nsapato ya phazi limodzi, zonse ankati zidzagwira ntchito tsiku lina.

"Alamu, mukusiya nyama yoti yadzigwera yokha mumphika?"

"Nyama yodzigwera mumphika imakhala ikuthawa china chake, alamu."

Anaseka, napukuta manja pathalauza, natulutsa ndalama. Mayi uja sanaziyang'ane n'komwe. Anakwera njinga ija osacheuka, mapewa ake atatsika ngati a munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Layitoni anali kumwetulira mpaka m'makutu. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Madzulo ake ndinapita kukamulumikizira zingwe, poti mlamu sakanidwa. Inayaka bwinobwino, osafunsa ndi pasiwedi yomwe. Ndipo kunena zoona, m'kati mwake munali chuma. A Malizani anali munthu wadongosolo. Makadi a ukwati, masetifiketi a kwaya, makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maliro a mipingo yonse, zonse zokonzeratu, kungosintha dzina basi. Koma chimene chinamutenga mtima Layitoni chinali kanthu kakang'ono. Malemuwo anakonza kibodi mwakuti ukadina batani limodzi lakumanja pamatuluka chilembo cha ŵ, chija chovala chipewa, chimene enafe timachisaka mpaka thukuta.

"Taonani, alamu. Malaŵi. Maŵa. Abusa onse a dera lino abwera kuno."

"Inu a ku Phalombe, chilembo chimenecho munachitchulapo chibadwire?"

"Kutchula n'kwanu Achewa. Kwanga ine n'kulipiritsa."

Ine chimene ndinkafuna kuona ndi sisitimu, pulogalamu yaikulu ija imene imabereka ena onse kumsana. Inali ya mtundu waulere, yopangidwa ndi anthu ambirimbiri a m'maiko akutali. Ndikufotokozereni pang'ono, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Sisitimu yotere imakula ngati mtengo. Pali nthambi yanthete, pamene eni ake amayeserapo zatsopano, ndipo imeneyo ndi ya anthu okonda mavuto. Pali nthambi yokhwima, yokhazikika, pamene munthu wa bizinesi amakhalapo. Imeneyi eni ake amaidyetsa kwa zaka zingapo. Akapeza chiboo chimene akuba angalowerepo, amatumiza chigamba, iwe n'kuchilandira pa intaneti. Ma apudeti mumamva aja ndi amenewo. Koma nthambi iliyonse ili ndi tsiku lake. Likakwana amaleka kuidyetsa, amatseka nkhokwe yake, n'kulengeza kuti samukirani pa nthambi ina. Yotsalayo imauma. Kompyuta imayakabe, inde, monga nthambi youma imakhalabe mumtengo, koma palibenso chobwera kuchokera kutsinde.

Ya a Malizani inali pa nthambi imene inauma kalekale, Enelesi asanakwatiwe.

"Alamu, tikopere makadi onsewa pa fulashi, tifufute zonse, tiike nthambi yamoyo."

"Nanga ŵ?"

"Tidzamusaka, mwina tidzamupeza."

"Nanga pulintayi idzamvanso?"

"Mwina."

"Mwina wanuyo mukhale naye. Chinthu chikugwira ntchito, inu mukuti tifufute. Mwaona chifukwa chake simulemera?"

Ndinamusiya. Munthu amene wangogula kumene samva, makutu ake amakhala ali m'katoni.

M'mawa mwake anandiitana, akuseka. "Paja munati siingalandirenso zatsopano. Tawerengani apa."

Pasikirini panali uthenga wachizungu wonena kuti zatsopano zaikidwa usiku, yambitsaninso kompyuta. Ndinasuzumira kumbuyo. Panalibe chilichonse cholumikizira intaneti, ndipo bandulo Layitoni anali asanagule. Ndinailumikiza ku foni yanga n'kuituma kuti ikagogode kunkhokwe ya nthambi yake. Inabwerako ndi yankho limene ndinkaliyembekezera, lakuti nkhokwe imeneyo kulibe.

"Ndiye izi zachokera kuti?" ndinafunsa.

"Zaulere safunsa, alamu."

Tsiku lomwelo pamsewu panali masamba. Mwambo wake mukuudziwa. Pakagwa maliro, anyamata amathyola nthambi n'kuziyala pamsewu, zina kumtunda zina kumunsi, kuti wodutsa adziwe. Galimoto zimachepetsa liwiro, akabaza amatsika njinga, amuna amavula zipewa. Nthambizi zinali motalikirana ndithu, zina cha kuchigayo, zina kupitirira padepoti, ndipo pakati pake panali nyumba zambirimbiri. Anthu anafunsana kuti watisiya ndani. Palibe anadziwa. Dzuwa litakwera, wina anazikokera m'ngalande, nkhani n'kuthera pomwepo.

Patapita masiku uthenga uja unabweranso, ndipo nthambi nazo zinabweranso, koma zitasendera. Za kuchigayo zinafika pa butchala. Za kudepoti zinafika pa wometa tsitsi. Ndinatolapo imodzi. Inali yaiwisi, yothyoledwa kumene, ya mtengo umene m'tauni muno mulibe, ndipo pothyokera pake panali dothi lofiira lonyowa. Mvula inali isanagwe chaka chimenecho.

M'shopu namo tinthu tinayamba kusowa. Choyamba chipewa cha Layitoni, chija sankachivula ngakhale m'tchalitchi mpaka atamudzudzula. Ananamizira ana a sukulu. Kenako kapu yake ya tiyi. Kenako chithunzi cha ukwati wake: msomali unalipo pakhoma, chithunzi panalibe. Posakasaka m'dirowa anapezamo magalasi owerengera, omangidwa ndi ulusi wakuda pamene anathyokera.

"Ayenera kuti anabwera ndi katoni ija," anatero, n'kuwavala. Maso a Layitoni analibe vuto chibadwire, ankatha kuona ndalama yogwa tsidya lina la msewu. Koma anati akuona bwino kuposa kale, ndipo sanawavulenso.

Kenako a Dzonzi, mlonda wa mashopu a mzere umenewo, anabwera pabenchi yanga akuchokera ku ntchito, bulangete lili paphewa.

"A Chagunda, alamu anu aja amagona m'shopu?"

"Ayi, amagona kunyumba ngati munthu."

"Ndiye amalemba usiku ndani? Kumamveka tha, tha, tha, mwachifatse, ngati munthu wodziwa ntchito yake. Dzana magetsi anathima msika wonse, koma pansi pa chitseko pankatuluka kuwala."

"Munasuzumira?"

"Ine anandilemba ntchito yolondera akuba. Zinazo sizili pamalipiro anga."

Anakhala pansi, chinthu chimene sachita kawirikawiri, n'kuyamba kupotapota fodya wosamuyatsa.

"Wa nthambi uja ndinakumana naye."

"Ndi ndani?"

"N'zimene ndikudzifunsa. Ankakoka nthambi pakati pa msewu, atavala jekete. Agalu onse a pabutchala ali duu. Ndinamupatsa moni, ndinati pepani, maliro ndi a ndani? Anati, sanamalize, koma ali pafupi."

"Nkhope yake?"

"Ndinamuunika ndi tochi." Anayang'ana fodya uja. "Ndikukumbuka jekete."

Ndinaseka, chifukwa alonda amaona zambiri akakhala kuti adya zochepa. Kuseka kunatha tsiku limene Enelesi anabwera. Mlongo wangayu si munthu wolira, ali mwana ankamenya anyamata. Anaima pafupi nane, osapereka ndi moni womwe.

"Achimwene, mwamuna wanga akutha."

"Akudwala?"

"Bola akanadwala, kuchipatala kulipo. Dzulo ndamuphikira kalongonda wa kwawo, uja amanyambita naye mbale. Wandifunsa kuti chimenechi n'chiyani. Tiyi akumwa wopanda shuga. Usiku wandidzutsa kundifunsa ngati ŵana agona. Ŵana, achimwene. Layitoni."

"Mwina akukuseka chabe. Paja amatiseka ife Achewa."

"M'mawa uno wandiitana kuti Nangondo."

"Nangondo ndani?"

"Ndimati mundiuze ndinu."

Mayi wa katoni uja dzina sindinamufunse. Koma ndiye anayamba kubwera m'maganizo mwanga.

Ndinawoloka msewu. M'shopu munali mzere wa anthu, ndipo Layitoni, amene kale ankalemba ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola mapira, anali kulemba ndi zala zonse, maso ali pasikirini, msana uli chilili. Atandiona anagwedeza mutu pang'ono, mwaulemu wa munthu wachikulire.

"Takulandirani. Ŵanthu achuluka lero."

Kenako manja ake anaima. Anaphethira, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi aja, ndipo amene anandiyang'anayo anali mlamu wanga.

"Mwandimva, alamu?"

"Ndakumvani."

"Sindikuchita dala."

Kuyambira pamenepo tinayesa zonse zimene anthu amayesa. Ndinazula zingwe, n'kuibweza kompyuta ija m'katoni, n'kuikhomera m'chipinda changa chosungiramo katundu. M'mawa nthambi zinali zitasenderabe, ndipo titaiyatsa uthenga unalipo, wonena kuti zatsopano zaikidwa usiku. Enelesi anaitana abusa a mpingo wake. Anapemphera mwamphamvu, anasanjika manja pasikirini, ndipo potuluka anafunsa ngati masetifiketi a kwaya angawachotsereko mtengo.

Tinaganiza zoibweza kwawo. Tinakwera minibasi tonse atatu, katoni ili pamiyendo panga, mpaka ku Madisi. Nyumba ya a Malizani tinaipeza yotseka. Amalume awo a malemuwo, nkhalamba yoonda yovala chipewa cha mlaza, anatilandira pakhonde la nyumba yoyandikana nayo. Anati Nangondo, mkazi wa malemuwo, anachoka usiku osatsanzika, ndipo kumene analowera palibe akudziwa.

"Kumeta sitinamete," anatero. "Timeta bwanji wamasiye atathawa, katundu atabalalika?"

"Katunduyo ndi uyu, tabwera naye. Sitikufuna kubwezeredwa kanthu."

Katoniyo sanaiyang'ane. "Munatola, kapena munagula?"

"Anagula alamu angawa."

"Ndiye ndi yanu. Ife za malonda sitilowerera."

Ndinayamba kunenerera, ntchito imene ndimaidziwa kuposa pemphero. Ndinati tiwonjezerapo mbuzi. Ndinati tilipira wometa ndi malezala omwe. Ndili pakati polankhula, kuseri kwa nyumba yotseka ija kunatuluka galu wokalamba, nthiti zili pamtunda. Anatidutsa ine ndi Enelesi ngati mitengo, n'kukagona pamapazi a Layitoni, akulira pang'onopang'ono, mchira ukumenya pansi. Layitoni anawerama n'kumukanda kuseri kwa khutu, pamalo pake penipeni. Nkhalamba ija inayang'ana galuyo, inayang'ana magalasi omangidwa ndi ulusi aja. Inavula chipewa, inaimirira, n'kulowa m'nyumba. Tinamva ikukhoma chitseko.

Tinabwerera nayo katoni ija. Titafika, Layitoni mwini wake anati, "Fufutani, alamu. Fufutani zonse."

Ndinaika sisitimu yatsopano pa fulashi. Kompyutayo inachita ngati siikuiona. Nditaiyesa pa kompyuta ina, fulashiyo inali yopanda kanthu, ngati yangochoka m'sitolo. Ndinakonza ina, ndinaiika m'thumba la malaya n'kumanga batani. Powoloka msewu inali itasowa, batani lili chimangire.

Enelesi zamafulashi zinamukwana. Anapita kunyumba n'kubwera ndi munsi. Sindinamuletse, ndinangosuntha pulinta, poti inalibe mlandu. Anamenya kamodzi pambali pa bokosi la kompyutayo. Layitoni, amene anali chiimire pakhomo, anagwa chagada atagwira nthiti, mpweya ukumukanika. Titamuvula malaya, pambali pake panali potupa, pakuda bii, kukula ngati mutu wa munsi. Enelesi anauika pansi munsiwo pang'onopang'ono ngati dzira.

Inatsala njira imodzi, imene ndinkaizemba chifukwa ndi yaitali. Kompyuta imene yatsalira pa nthambi youma ikhoza kukwera yokha mpaka pa nthambi yamoyo osafufuta kanthu, koma silumpha. Umayamba waikweza pa nthambi yotsatira, n'kudikira kuti zonse zikhazikike, n'kuiyambitsanso, kenako yotsatiranso, monga munthu akwerera mtengo. Ukalumpha, umagwa nazo. Nthambi zapakatizo nazonso zinauma, koma eni ake amazisunga m'nkhokwe ina ya zakale, yothandizira anthu ochedwa ngati ife. Maganizo anga anali akuti ikafika pa nthambi yamoyo idzayamba kumvera anthu amoyo, ndipo amene ankaitumizira zinthu usikuyo adzasowa khomo. Sindinganene kuti ndinali ndi chikhulupiriro. Ndinali ndi bandulo basi.

M'mawa wa tsiku limenelo nthambi zinali mbali iyi ndi iyo ya chitseko cha shopu, pakati pake pokwana munthu mmodzi kudutsa. Panalibenso chofunsa kuti maliro ali nyumba iti. Amayi ogulitsa tomato anayamba kubwera okha, zitenje atamanga, n'kukhala pansi pakhonde mwakachetechete. Mmodzi analowa, anagwira Enelesi dzanja n'kuti, "Pepani, mayi, zachitika liti?" Kenako anaona Layitoni ali pampando akumuyang'ana, ndipo anatuluka chobwerera m'mbuyo. Tinatseka chitseko.

Tinayamba dzuwa lili pamutu. Kunja kunachita mdima wa mitambo, ndipo mvula yoyamba ya chaka inayamba kugwa, ija ya fungo la fumbi. Pasikirini mizere inkathamanga, zakale zikuchotsedwa, zatsopano zikulowa. Titakwera nthambi yoyamba n'kuiyambitsanso, Layitoni anavula magalasi aja n'kutikita m'maso.

"Akundipweteka," anatero.

Enelesi anandiyang'ana. Sindinafune kumuyang'ana, kuopa kumulonjeza ndi maso.

Titakwera yotsatira, anapempha tiyi. Enelesi anathira wa m'fulasiki n'kumupatsa. Anamwa pang'ono n'kukwinya nkhope.

"Mayi, shuga anakwera mtengo kapena mwandikwiyira?"

Mlongo wanga anaseka, kuseka kwa misozi, n'kumuthirira masupuni osawerenga. Layitoni anayamba kutisimbira za kwawo, m'mene agogo ake anagulira wailesi yopanda zam'kati kwa munthu wa ku Mozambiki n'kumaimvetsera chaka chathunthu. Ankalankhula Chichewa chake chija chokhotakhota cha kuphiri, ndipo sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti pakhonde pali munthu. Amayi aja anali atathawa mvula kalekale. Koma pansi pa chitseko, pamene pankalowa kuwala pang'ono, panali mithunzi iwiri ya mapazi. Sanagogode. Nthawi ndi nthawi kunkamveka kukhwekhwereza, ngati wina akukonza nthambi kuti zikhale bwino. Enelesi naye anaona. Anasuntha mpando wake n'kukhala pakati pa chitseko ndi mwamuna wake.

Nthambi yomaliza, yamoyo, inatenga nthawi yaitali kuposa zonse. Mvula inakula mpaka sitinkamvana bwino. Mizere inathamanga, inathamanga, kenako inaima. Pasikirini panabwera funso.

Funso limeneli ndi lachizolowezi, aliyense wokweza sisitimu amakumana nalo. Ikapeza failo imene mwini kompyuta anaisintha ndi manja ake, siifufuta mwachisawawa, imayamba yafunsa. Ndinawawerengera m'Chichewa: failo iyi mwini wake anaisintha. Kodi tisunge yake yakaleyo, kapena tiike yatsopano?

"Ndi failo yanji?" anafunsa Layitoni.

"Ya kibodi."

"Ya ŵ?"

"Yomweyo. Dinani apa, alamu. Yatsopano."

Ndinatambasula dzanja kuti ndidine ndekha, koma kibodi inali pamiyendo pake, ndipo anaikumbatira monga mwana akumbatira mbale.

"Taimani kaye. Tikaika yatsopano, ŵ apita?"

"Apite."

"Osabweranso?"

"Ndidzakukonzerani wina. Ndidzafunsa kwa anzanga ku Lilongwe."

"Mudzatha? Paja munati mwina."

"Bambo a Yamikani," anatero Enelesi, mawu ali pansipansi, "dinani chimene achimwene akunena."

Ndimafuna mumvetse chinthu chimodzi, chifukwa anthu akamaikamba nkhaniyi mumsika amaikhotetsa. Amati mzimu unamugwira dzanja. Ine ndinalipo. Magalasi anali pathebulo. M'kamwa mwake munali shuga. Amene anayang'ana funso lija anali Layitoni yekha, wa ku Phalombe, wa mabatire akufa ndi nsapato ya phazi limodzi, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene akumuuza kuti ataye ndalama m'chimbudzi.

"Koma ndi yabwinobwino, alamu," anatero. "Zina zonse tasintha. Kamodzi komweka. Munthu ungataye chinthu chabwinobwino?"

Ndinagwira ngodya ya kibodi. Enelesi anagwira mkono wake. Chala chinali kale pabatani losunga yakale.

Mizere inayambanso kuthamanga. Sipanamveke kulira kulikonse, magetsi sanaphethire. Kompyuta inamaliza ntchito yake, inazima, inayakanso, yoyera, yatsopano, ili pa nthambi yamoyo. Ndinayang'ana pansi pa chitseko. Mithunzi ija panalibe. Mvula nayo inayamba kuleka.

Layitoni anaika kibodi pathebulo n'kuilungamitsa bwino. Anatenga magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa malaya, anawavala. Anasuzumira m'kapu ya tiyi n'kuikankhira patali. Kenako anatembenuka, anaona mlongo wanga atamugwirabe mkono, ndipo anauchotsa mkonowo mofatsa, mwaulemu wonse.

"Pepani, amayi," anatero. "Tikuthandizeni chiyani?"

Nthambi sizinabwerenso. A Dzonzi akuti usiku m'shopumo muli zii, kupatula mkonono, poti mwini wake amagona momwemo tsopano, pamphasa kuseri kwa makina ofotokopera. Kunyumba anapitako kamodzi titamukoka. Anakhala pampando wa alendo, anayamikira ukhondo wa pabwalo, anafunsa ana maina awo, n'kutsanzika kusanade. Achipatala anamuyeza n'kupeza kuti ali bwino kuposa ine. Abale ake anabwera kuchokera ku Phalombe, anamulankhula Chilomwe, iye n'kuwapempha kuti abwereze m'Chichewa.

Bizinesi ikuyenda kuposa kale lonse. Pulogalamu ya maliro yolembedwa pamenepo simungaipezere cholakwa, ndipo abusa a dera lonse amabweradi. Kompyutayo ndimakaiona mwezi ndi mwezi. Imalandira ma apudeti ake pa intaneti ngati ina iliyonse, kuchokera kwa anthu amoyo, pa nthawi yake. Pa makompyuta onse amene ndinawagwirapo, palibe yosamalika ngati imeneyo. Mwini wake amandilandira bwino, amanditcha a Chagunda.

Anthu okonda zotchipa akabwera pabenchi yanga amandifunsa ngati n'zoona kuti munthu anagulapo kompyuta yathunthu pamtengo wa nkhuku. Ndimati n'zoona, koma amene anapereka za nkhukuyo si amene analipira. Analipira ndi Enelesi. Mtengo wake mwamuna mmodzi wathunthu, wopanda maliro, wopanda manda oti akalirepo. Masana aliwonse amawolokabe msewu ndi chakudya chovindikira bwino, n'kuchiika pathebulo pafupi ndi kibodi. Bamboyo amaimirira, amathokoza ndi manja awiri, n'kupisa m'thumba, n'kumufunsa kuti ndi zingati.